Akulu anu anavalanso jekete la mamendulo

Bangula, Nsanje

Okondedwa alamu anga a Paison,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latitopetsa, ndipo mapira sanabereke.

Akulu anu akudya bwino, musade nkhawa. Anthu aja ankadzaza pakhonde pano iwo ali phungu anasiya kubwera. Otiyendera masiku ano ndi ana amene ankawaphunzitsa ku pulayimale, nawonso imvi zili mbuu.

Lachisanu lapitali anavala jekete lija la mamendulo a ku usilikali, n'kutuluka ine ndili kudimba. Ndinakawapeza kumsika, akufoletsa ogulitsa nsomba ngati ana a sukulu. Palibe anawaseka. Mayi wina mpaka anaima pamzerepo, mlamba uli m'manja.

Nditawagwira dzanja, anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Mayi, dandaulo lanu ndalimva, ndikalitula ku Nyumba ya Malamulo." Alamu, ine mkazi wawo, zaka zonse takhala limodzizi!

Titapita nawo kuchipatala, adokotala anandiitanira pambali, koma zimene anandiuzazo si zolemba m'kalata. Ine ndatopa, msanawu sukundilolanso kumawathamangira. Dzina lanu lokha ndi limene akulu anuwa sakuliphonya, ndipo akamva minibasi yaima pamsewu amafunsa ngati mwatsika. Ngati n'kotheka kubwera, musadikire Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa akazi anu a Melissa.

Ndine mlamu wanu,
Otilia