Atisiya Mayi Amene Anatiwerenga Tonse

Kwa bambo a panyumba, ana, abale onse ndi anzathu a ntchito,

Ndi mtima wosweka, ine wapampando wa bungwe la akatswiri ofufuza mafupa a nyama zakale ndikulengeza imfa ya mayi mlembi wathu wamkulu, amene atisiya ali m'chipatala atadwala kwa nthawi yochepa, pamene tonse tinkayembekezera kuti abwerera pakati pathu.

Malemuwa anathera zaka zawo m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, pakati pa makatoni a nsagwada za mbuzi, ng'ombe ndi nguluwe zofukulidwa m'mabwinja, akutsuka fupa lililonse ndi mswachi kuti atiuze zimene anthu akale ankaweta ndi kudya. Koma chimene tidzawakumbukira nacho koposa ndi kafukufuku amene anayambitsa wofuna kudziwa za ife eni ntchitoyi: msinkhu wathu, kumene tinachokera, amayi ndi angati, ndiponso amene anasiya anasiyiranji. Ena a ife titanyinyirika kuti zimenezo si za sayansi, iwo anatiyankha modekha: "Zaka za mbuzi yofa kalekale timazidziwa, koma sitidziwa ngati mnzathu wa chipinda chinacho adzakhala pantchito chaka chamawa."

Zimene anapeza ndi izi. Ambiri a ife tamera imvi, achinyamata akungogwira ntchito zakanthawi, ndipo amayi ochuluka amachoka akangobereka, osabwereranso. Malemuwa sanakhutire ndi manambala okha. Anatsatira mayi wina mwa ochokawo amene anali atayamba kugulitsa zovala, nakhala naye pa benchi m'sitolo mwake, nkumunyengerera mpaka anavomera kubwerera. Lero mayiyo akuphunzitsa ophunzira athu, ndipo atamva za imfayi anangondiuza pa foni kuti, "Anandifunafuna pamene ine ndinali nditadziiwala." Ndiye amene wavomera kumaliza lipoti limene malemu alisiya lisanathe, ndipo bungwe likulonjeza kuti zimene malemuwo ankapempha, makamaka zoti amayi oyamwitsa azitha kupita kokafukula ndi ana awo, sizikwiriridwa pamodzi ndi iwo.

Kwa inu bambo, amene munkasamalira pakhomo miyezi yonse imene iwo ankakhala kokafukula, ndi inu ana amene munakula mukudikira amayi obwera ndi fumbi m'tsitsi, ndikupepesa m'malo mwa mamembala onse, akutali ndi apafupi. Misozi yanu ndi yathunso, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovuta ano. Munatibwereka mayi anu zaka zonsezi popanda kudandaula, ndipo chimene chikutipweteka kwambiri n'chakuti sitingathenso kuwabweza kwa inu.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Ine wanu wolira nanu,
Wapampando wa bungwe