Mfuti ya Malemu Bambo

Ntchisi, 9 Juni 1974

Okondedwa Bambo aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka.

Mfuti ya malemu bambo, yothyoka thako ija, ndinaikonzetsa. Mtengo wa mlombwa ndinasankha ndine, Asani mmisiri wa ku Chisepo anausema, ndipo dzimbiri ndinalipala ndi manja angawa. Itangoyamba kunyezimira, akubanja anakumbukira kuti pa mwambo wathu chuma cha munthu chimapita kwa mwana wa mlongo wake. Motero msuweni wanga Elifala, amene sanaiyang'anepo ili yothyoka, akuyenda nayo paphewa, anthu n'kumamuyamikira.

Mwambo sindikuutsutsa. Komabe dzulo apampando a chipani anandifunsa kuti ndani akusunga mfuti m'mudzi muno, ndiponso akuisungiranji. Sindinawayankhe. Ndidikira kaye kalata yanu.

Ine mwana wanu,
Yoswa