Matumba a Simenti Anauma Tikudikira Galimoto

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo kuno ku Chilobwe, m'nyumba yomwe ija, kungoti tinasintha malata mbali ya kukhitchini. Maso ndiwo anditaya. Munthu ndimamuona ngati chithunzithunzi, ndimamudziwa akayankhula. Kalatayi akulemba ndi Esinati, ndipo ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asandikonze ngati mwana wa m'kalasi mwake. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, chifukwa chake inu mukuchidziwa, koma nkhani ndimatha kuiyala.

Ndiyambe ndi adzukulu anu. Esinati tsopano ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale ku Soche, ndipo akalowa mu ofesi aphunzitsi aamuna amaimirira. Fanuwelo ali ku banki mu tawuni, pachitseko cha chipinda chake analembapo dzina lake, ndipo anagula nyumba ku Chitawira. Lusiya ndi namwino, amathandiza amayi oyembekezera. Mwezi wa Febuluwale nayenso anachira, mwana wamkazi, tamutcha Elube, dzina lanu. Dalitso, uja munkati sadzaphula kanthu chifukwa anaphwasula wayilesi yanu, ali ndi galaja yakeyake ku Limbe, amuna anayi amadya kwa iye. Onsewa anatuluka m'nyumba ya dalaivala wa lole. Ndamuuza Esinati kuti mawu amenewa awalembe bwinobwino.

Mpongozi wanu akudandaula bondo, koma kutchalitchi sajomba. Chimanga cha kamunda kathu kam'mphepete mwa phiri sichinachite bwino, feteleza tinathira mochedwa. Nandolo ndiye wabereka.

Chimene ndalembera kalatayi ndi nkhani ya chiliza chanu. Zaka zakwana zisanu ndi ziwiri chitisiyireni, ndipo pamene munagona palibe chiliza mpaka lero. Ndibwino mumve kwa ine mmene zinayendera, musachite kumva kwa ena obwera kumeneko.

Chaka chatha mu Juni tinakhala pansi, ine, achemwali a Feliya ndi ana, n'kugwirizana kuti timange mu Sepitembala mvula isanagwe. Wotchula tsiku ndinali ine, poti ndine mwinimbumba. Ana anagula simenti matumba asanu ndi atatu, tinawasanja m'kachipinda kosungiramo makasu. Njerwa achemwali anaumbitsa kumudzi ku Chiradzulu. Mmisiri tinamupeza. Zonse zinali m'malo.

Ndiye kunabwera nkhani ya galimoto. Nthawi imeneyo mafuta ankasowa, anthu ankaswera pamzere tsiku lonse n'kubwerera chimanjamanja. Kampani ina yogulitsa magalimoto inalengeza kuti ibweretsa galimoto yoyendera magetsi. Siithiridwa petulo kapena dizilo, Amayi. Mumailumikiza kukhoma ndi chingwe monga tinkachitira ndi kafoni kanu kaja, ikakhuta mumayenda. Anabweretsa imodzi yokha yoonetsa. Wofuna yake ankalembetsa dzina, kupereka chikole, kupatsidwa nambala, basi n'kumadikira kuti ichoke kunja. Anthu otopa ndi mizere anathamangira kukakhala pamzere umenewu. Fanuwelo analembetsa pa foni tsiku loyamba lomwelo. Nambala yake inali 38. Anafika kuno asanavule n'tayi yomwe, kudzandionetsa chithunzi chimene ine sindinkachiona.

Dalitso analipo tsiku limenelo. Anati, "Achimwene, mwagula galimoto kapena mwagula nambala?"

Fanuwelo anati, "Iwe ukuopa ulova. Ilibe oyilo, ilibe mapulagi. Uzidzakonza chiyani?"

"Ndizidzakukokani ndi chingwe magetsi akathima," anatero Dalitso. "Muzidzalipira ngati aliyense, ubale kunyumba."

Loweruka lotsatira Fanuwelo ananditenga kuti ndikaione. Anthu anadzaza ngati pa ukwati: madokotala, abusa, amwenye a ku Limbe, aliyense foni m'mwamba. Mwana wa bwana wanga wakale, amene ndinkamuperekeza kusukulu ali wa kabudula, anandizindikira. Pano ali ndi imvi. Anauza mayi wina wogulitsa magalimotowo kuti, "Madala awa ayendetsa lole ya bambo anga zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Aloleni akhalemo." Ndinakhala pampando wa dalaivala. Phazi lamanzere linafunafuna kilatchi, palibe. Dzanja linapita pa giya, palibe. Anatsegula kutsogolo n'kundigwiritsa dzanja: mopanda injini, malo ongoikamo chikwama. Kenaka mayi uja anandisamutsira mpando winawo n'kutizungulitsa pabwalo. Ine galimoto ndimaidziwa ndi khutu. Lole ikamakwera mtunda ndimatha kukuuzani kuti yalemedwa kapena dalaivala wachedwa kusintha giya. Iyi sindinamve kanthu, koma matayala okha akupera timiyala, ndi msana wanga ukukankhidwira kumpando.

Ndinaifuna, Amayi. Papita zaka zisanu ndisanagwire chiwongolero, ndipo ndinkaganiza kuti za magalimoto zinanditha mumtima.

Tikutuluka, Fanuwelo anati, "Bambo, akuti ifika Novembala. Bwanji tisunthe chiliza pang'ono? Ulendo wake woyamba ukhale wa kwa agogo. Inu mudzakhale kutsogolo, kumudzi akaone."

Ndinavomera tisanafike ndi pageti pomwe. Apa ndikufuna mumvetse bwino: mwanayo anangopempha, amene anasuntha tsiku ndine. Ndinakumbuka tsiku lija ndinafika koyamba kumudzi ndi lole ya amwenye, inu n'kuvula mpango kumutu n'kumapukuta nyali zake anthu akuonerera. Ndinafuna kufikanso kwa inu chomwecho. Achemwali nditawatumizira uthenga anangoti, "Chabwino, mwini tsiku ndinu."

Mukukumbuka mpongozi wanu ali ndi pakati pa Esinati? Ndinagula kashawelo ku Limbe n'kubwera nako mokondwa. Inu munandilanda, n'kukakabisa kwa anansi, n'kunena kuti, "Mwana ali m'mimba sagulidwira malaya. Dikira alire." Mawu amenewa ndinawasunga pa ana onse anayi, koma pa galimoto ndinawaiwala. Fanuwelo anamanga shedi pambali pa nyumba yake. Anaika magalasi okolola dzuwa opangira magetsi padenga, kuti Dalitso asowe chonena. Anakhomera chingwe chake kukhoma. Mkazi wake anagula kokolowekamo kiyi. Anthu onse olembetsa anapanga gulu pa foni, ndipo ankakumana Loweruka kumakambirana za mitundu, wina akuti yoyera imaoneka ya boma, wina akuti yofiira ndi ya achinyamata. Fanuwelo anasankha yobiriwira. Galimoto yake yakale anagulitsa kuti pabwalo pakhale malo. Mpaka lero amapita kuntchito pa minibasi, ndi tayi yake, akondakitala akumuuza kuti, "Bwana, finyikani, anayianayi."

Novembala itakwana a kampani aja anati sitima ya pamadzi sinanyamuke. Mu Febuluwale anati ndalama zakunja zikusowa. Mu Epulo anati ili padoko. Sindikunena kuti akunama. Katundu wa kudoko ndanyamulapo, ndikudziwa kuti amabwera tsiku limene wafuna. Koma nthawi yonseyi ine ndinkangoti tidikire pang'ono, tadikira kale.

Mvula inagwa yambiri. Denga la kachipinda kaja linkadontha ife osadziwa. Mu Meyi mpongozi wanu anakalowamo kufuna chikwanje, n'kundiitana. Ndinagogoda ndi ndodo thumba loyamba, linalira ngati mwala. Ndinagogoda onse asanu ndi atatu. Onse anauma gwa, aliyense ndi maonekedwe ake a thumba. Mpongozi wanu anangotenga chikwanje chake n'kutuluka.

Mu Juni kumudzi kunagwa maliro a achimwene a Sitolo, aja ankakusemerani mipini, ndiye kuti mwawaona kale. Ndinapita ndi Dalitso. Titaika maliro ndinapempha chilolezo kuti ndikuoneni. Chikwangwani chachitsulo chija tinakhomapo dzina lanu kulibe, akuti anazula ogulitsa zitsulo zakutha. Mitumbira yambiri inaphwa ndi mvula, ndipo manda akula, afika mpaka pamene panali munda wa chinangwa. Ndinauza Dalitso kuti anditsogolere ku mtengo wa mthethe, ndinawerenga mapazi monga ndinkakumbukira, n'kunena kuti ndi pano. Tinazula udzu, tinasesa. Ndinagwada n'kuyamba kukuuzani nkhani za ana zomwe ndalemba pamwambazi, mpaka za dzina la pachitseko.

Achemwali anafika mochedwa poti akuyenda ndi ndodo. Anaima kumbuyo kwanga n'kudikira mpaka nditamaliza. Kenaka anati, "Achimwene, mwatha? Amenewotu ndi a Nasiwelo."

A Nasiwelo omwe aja, Amayi, munakangana nawo zaka makumi awiri chifukwa cha mbuzi zawo ndi nandolo wanu. Ndiwo ndinawasesera, ndiwo ndinawagwadira. Ngati akhala akukuuzani nkhani za ana anga kumeneko, mwadziwa kumene anazitenga.

Inu muli mapazi asanu kumunsi kwake. Achemwali anatilozera kamwala koyera kamene anakwirira okha kumutu kwanu chikwangwani chitangobedwa. Palibe wina ankadziwa za kamwalako. Mwa amuna amene anakumba manda anu, awiri anatsikira konko, wina ali ku Joni. Ana anga pa tsiku la maliro ankangolira, sanawerenge mitengo. Ine maso mulibe. Achemwali nawo matenda a shuga awafooketsa, mapazi atupa, pochoka kunyumba kufika kumanda anapuma katatu.

Tikubwerera anati, "Mudikire ndithu, achimwene. Ine ndikatsikira konko mudzafunsa galimotoyo kuti amayi agona pati."

 

Sabata yotsatira Dalitso anabwereka kagalimoto ka katundu, ananyamula thumba limodzi mwa ouma aja, n'kukaliika pamene pali kamwala, achemwali akuona. Anati limeneli palibe angalibe, poti wogula palibe. Ngati mwamva cholemera kumutu kwanu masiku ano, musadabwe, ndi thumba limenelo.

Kunatsala kumuuza Fanuwelo. Ndinapita ku Chitawira Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Anandiikira mpando mu shedi muja, poti ndimo muli mthunzi wabwino. Ndinamufotokozera zonse, za a Nasiwelo zomwe. Sanaseke.

Anati, "Bambo, akuti Disembala ndithu. Nambala yanga ili m'gulu loyamba. Ndinauza kale anthu onse kumudzi kuti ndidzabwera nayo."

Ndinati, "Galimotoyo ikadzabwera idzatipeza. Azakhali ako sindikudziwa ngati idzawapeze. Wolakwa si iwe, tsiku ndinasuntha ndine, ndipo ndine ndikulibweza."

 Ndinkangomva kokolowekamo kiyi kaja kakulira m'manja mwake. Kenaka anafunsa kuti, "Mmisiri anati matumba angati?"

Simenti yatsopano anagula yekha, anakana kuti abale ake athandize. Matumbawo ali mu shedi momwemo, anawasanja pa matabwa, pansi pa chingwe cha kukhoma chija. Denga lake silidontha. Dalitso akuti shediyo yayamba yalandira katundu wa agogo, ndiye kuti yadalitsika, ndipo Fanuwelo anamuuza kuti atseke pakamwa.

Chikole chake sanakachotse, ndipo ine sindinamuuze kuti akachotse. Akudikirabe, gulu lawo likukumanabe Loweruka, ena akuti atopa, ena akuti ayi. Ikadzafika ndili moyo ndidzakwera, ndisakunamizeni, ndipo ndidzakhala kutsogolo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mmisiri ayamba ntchito kumayambiriro kwa Sepitembala. Achemwali adzamuikira mpando pomwepo kuti asamangire a Nasiwelo. Dzina lanu lidzalembedwa pa simenti penipeni, osati pachitsulo.

Tsono tsiku ndi ili, ndipo ndamuuza Esinati kuti alilembe ndi zilembo zazikulu: LOWERUKA LACHIWIRI LA OKUTOBALA, chaka chino. Tonse tidzasonkhana kumudzi, ana, adzukulu, ndi mbumba yonse ya achemwali. Lusiya adzabwera ndi Elube kuti mudzamuone mnzanu wa dzina. Tapangana ndi a Yusufu, anansi athu a kuno, kuti adzatinyamule pa minibasi yawo. Ndi yakale, utsi wake ndi wakuda, ndipo chitseko amachita kumanga ndi chingwe. Fanuwelo adzakhala kumbuyo ndi ana. Mudzatimva tikadali kumsewu waukulu.

Tsiku limeneli sindisunthanso, Amayi, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jailosi