Mbawa Ija Usaidule

Nabvutika, Chipata

Wokondedwa Israel, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Luangwa. Kuno tadzuka, mvula yokha ndiyo ikuzengereza. Akundilembera ndi mwana wanga Zelipa, koma mawu ndi anga.

Uthenga wako ndaumva, woti ndibwere ndidzakusemere bwato la usodzi. Wachita bwino kukumbukira kuti mabwato a kwathu ankatuluka m'manja mwa agogo ako, kenako mwa ine. Iwo anandiphunzitsa kuti bwato sayeza ndi chingwe. Umagogoda m'mbali ndi chala, n'kumva ngati pakhuthala kapena papyapyala. Pa mabwato anga onse, palibe limene linamizapo munthu.

Mwezi watha ndinasemera a Lovemore Tembo bwato la padamu lawo la nsomba, njira ya ku Mwami. Anaitana anthu a kutchalitchi kudzaonerera. Titalikankhira m'madzi, linapendekeka ngati woledzera, madzi n'kulowa. Bambo wina anafuula kuti, "Madala, limeneli ndi bwato kapena mtondo wosinjira?" Anthu anaseka, ine ndinangoona mano awo. Mawuwo anachita kundiuza Zelipa titafika kunyumba. Pano bwatolo zikudyeramo nkhumba.

Mtengo unali wabwino, Israel. Ndinaugogoda monga kale, koma mtengowo sunandiyankhe.

Choncho mbawa ija unasankhira bwato lako usaidule chifukwa cha ine. Anthu akakufunsa, uziti malume atanganidwa ndi munda. Zinazo tidzakamba ukadzabwera, koma udzakhale pafupi, kumanja kwanga, kumene khutu likumvako pang'ono.

Moni kwa akazi ako ndi ana.

Ine malume ako,
Jethro Sakala