Khadi la Ababa Likadali Moyo

Bangwe, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Bangwe. Muli bwanji ndi chisanu cha ku Chongoniko? Nanga ababa, chifuwa chija chikuwalola kugona? Ife tilipo. Ufulu wamera mano awiri, akuluma aliyense womunyamula. Ndalemba mothamanga kuti kalatayi ipite ndi a Yohana a minibasi, adutsa pa Linthipe mawa. Pa foni sindikanatha, paja ababa amatchera khutu.

Amayi, musakalipe. Munandiuza kuti ababa apuma pa ntchito yocheka matabwa kumapeto kwa Juni, ndipo khadi lachipatala la kuntchito kwawo, limene ndimatengera mankhwala anga a mtima, lifera pomwepo. Ndiye ine ndinayamba kudula mapiritsi pakati ndi lezala, theka kumwa, theka kusunga, kuti ndidzakhale ndi poyambira. Lachiwiri ndikuchokera kotunga madzi, Ufulu ali kumbuyo, m'maso munangoti bii, ndinagwa. Mwayi ndinagwa chafufumimba, mwana sanavulale. Ine ndiye mlomo watupa ngati ndalumidwa ndi mavu.

Bambo a Ufulu ananditengera kuchipatala pa kabaza wawo, ine mtima uli m'mwamba poti Julaye walowa kale, tilipira ndi chiyani. Koma mayi wa pawindo atayang'ana khadi anati lili bwinobwino, mwini wake akadali pa ntchito. Ndinawapempha kuti aonenso, mwina kompyuta sinamve kuti ababa anapuma. Anandiseka, ati kompyuta sigona ngati ine.

Ndiye ndikufunsa inu, chachitika n'chiyani kumeneko? Mbuzi ya phwando lotsanzikana ija ili kuti? Azimayi a ku mphakati si anayamba kale kuphunzira nyimbo? Nanga mbewu ya mbatatesi imene ababa anasunga kuti akayambe nayo ulimi ku Lobi, si yayamba kumera m'matumba? Achimwene a Dominiko ndikawafunsa angoti ndifunse akulu. Kodi munthu akanena kale kuti akupuma, amaloledwa kubweza mawu? Kapena ababa anachita kukagwada kwa abwana awo? Ngati ndi chifukwa cha ine mundiuze, sindine mwana, nanenso ndili ndi wanga. Akuti khadili lidzandisiya ndikadzakwana zaka 25. Kodi ababa akufuna kumeza utuchi zaka zitatu zinanso ndi chifuwa chimene chija?

Adokotala anandikalipira kwambiri za lezala, ati theka la piritsi silisunga munthu. Ine manyazi atatha ndinabwerera pawindo paja kukafunsa bwino, mpaka a pamzere anayamba kung'ung'udza. Ndinafunsa ngati mankhwala anga akudya gawo la ababa. Mayi uja anati ayi, pa khadi limeneli aliyense ali ndi gawo lake, ndipo la ababa silinakhudzidwepo chiyambire. Atinso silisungika, chaka chikatha latha basi, lina n'kuyamba.

Amayi, ndinakhala pansi. Ndinakumbuka pa Khirisimasi paja, ababa akutsokomola mpaka misozi, inu n'kuwauza kuti apite kuchipatala. Anayankha kuti khadi ndi nkhokwe imodzi, akatapamo iwo ine Pilira ndidya chiyani, n'kupita kukathyola masamba a bulugama ofukiza. Eti zaka zonsezi akhala akundisungira chinthu chosasungika! Ine kuno kudula mapiritsi, iwo uko kudzimana. Mukamati ndinatengera ababa mumanena zoona.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata yomwe ino muwatenge apite kuchipatala ndi khadilo, akawaunike m'chifuwa. Akakana, muwawerengere kalatayi mokweza, ngakhale pali alendo. Muwauze kuti lezala ndaponya m'chimbudzi ndipo ndikumwa piritsi lathunthu, nawonso asiye bulugama. Za kupumazo tidzakambirana ndikabwera, ndikufuna kumva pakamwa pawo. Bambo a Ufulu ayamba kufunsa ngati kuchipatala cha boma mankhwala angawa amapezeka, kuti mwina ababa asadikire zaka zonsezo.

Mundiperekere moni kwa azakhali ku Lobi, achimwene a Dominiko ndi alamu anga a Agnesi. Ababa muwauze kuti mdzukulu wawo akuwasungira mano.

Mbuzi ija musagulitse. Ingonenepa. Ndikufuna kudzavina pa phwandolo mwini wake ali chiimire.

Ndine mwana wanu,
Pilira