Utoto Wakuda pa Khoma la Zainabu

Amayi anga, kumene muliko kukuyenda bwanji?

Kuno kutsidya kwa nyanja ku Hamilton chisanu chayamba kulowa. Mpiru umene ndinadzala kuseri kwa nyumba unachita bwino mpaka ndinafutsako wina, koma maungu anafota asanakhwime. Mkazi wa mlongo wanga Yusufu ku Oshawa wachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ine bondo likundivutabe ndikamadzutsa odwala kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Zimenezo n'zazing'ono. Chimene chandisowetsa mtendere ndi mdzukulu wanu Zainabu.

Munamusiya akujambula nkhope za anthu pa zikuto za makope. Pano ali ku koleji, akuphunzira zojambula zomwezo. Kuntchito kwanga kuli agogo ena achiyuda, a Miriyamu, amene ndimawasambitsa ndi kuwapesa. Iwowa ndi amene anandiuza kuti anthu a m'dera lathu akujambula khoma la holo, kuonetsa miyambo ya Ayuda, ndipo aliyense wofuna abwere adzagwire burashi. Ndinangomutchulira Zainabu tikudya. Lamlungu lotsatira anali kale pamakwerero.

Mukanaliona khomalo, Amayi. Pali buledi wolukidwa ngati tsitsi, makangaza, ana akudyera m'kachisakasa ka masamba, ndi makandulo awiri amene amayatsa Lachisanu dzuwa likamalowa. Zainabu anamupatsa kuti ajambule manja a mayi amene akuyatsa makandulowo, ndiye anabwera kuntchito kwanga kudzatengera manja a agogo Miriyamu, ndi mitsempha yake yomwe. Kukhomako kunkabwera ana asukulu, anzanga a ku Philippines, ngakhale bambo wina wa ku Zambia woyendetsa basi.

Vuto linayamba ndi chithunzi. Wina anamujambula Zainabu ali pamakwerero atavala hijabu yake yobiriwira, n'kuchiika pa intaneti pamodzi ndi dzina lake. Zimene anthu osamudziwa analemba pansi pake sindingakuuzeni zonse. Ena amati wagulitsa Asilamu anzake. Ena amati Msilamu akufunanji pamenepo, abwerere kwawo. Che Amina, amene timapemphera limodzi, anandiimbira foni. Sanali kundinyoza, ankangomuopera mwanayo. Anati, "Hawa, masiku ano si abwino. Nkhope ya mwanayo yadziwika. Muuzeni akhale kaye pansi."

Kenako m'mawa wina tinapeza khoma lathiridwa utoto wakuda. Pamanja ojambulidwa aja analembapo chizindikiro cha anthu amene anapha abale a agogo Miriyamu ku Ulaya. Apolisi anabwera, anafunsa mafunso, anapita. Mlungu womwewo, Zainabu akudikira basi, galimoto ina inaima pafupi naye. Bambo amene anali m'katimo anatsitsa galasi, anamutchula dzina, n'kumulavulira. Anafika kunyumba akulephera ngakhale kulowetsa kiyi pachitseko.

Ndinamuuza kuti za khoma zathera pomwepa. Ndinamukumbutsa mawu amene munandiuza tsiku limene ndinkanyamuka ku Mangochi, akuti kwa eni kulibe mkuwe. Anandiyankha m'Chingerezi kuti iye anabadwira konkuno, eni akewo ndi iyeyo. Kenako anayesa m'Chichewa chake chotsimphina chija: "Amayi, manja aja ndi a agogo Miriyamu. Ndiwasiye akuda?" Apo ndinakumbukira kuti ndi inu nomwe amene munkatiuzanso kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mukanakhalapo ndikanakufunsani kuti mwa mawu anu awiriwa ndigwire ati.

Agogo Miriyamu atamva sanalire. Anayang'ana manja awo n'kunena kuti, "Akanakhala mwana wanga ndikanamutsekera m'nyumba. Sindingakudzudzule." Ndikuwavalitsa juzi anawonjezera kuti, "Koma ine Lamlungu undikankhe panjinga yanga ya olumalayi. Ndikufuna ndikaone anthu akulikonza khomalo."

Tinapita tonse atatu. Anthu anali ambiri kuposa masiku onse, ena atanyamula zidebe ndi maburashi okwechera. Che Amina nawonso anabwera, anaima chapatali atagwira chikwama pachifuwa, koma anabwera. Ine sindinakweche ngakhale pang'ono. Ndinagwira makwerero a Zainabu, khoma ndalifulatira, maso ali pamsewu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro, ndinkaiyang'anitsitsa mpaka idutse. Pofika masana manja aja anaonekanso. Zainabu atatsika, agogo Miriyamu anamugwira dzanja lodzaza utoto n'kulisunga pachifuwa pawo. Palibe choipa chinachitika tsiku limenelo.

Koma Amayi, bambo wa m'galimoto uja sanapezeke. Amadziwa dzina la mwana wanga, amadziwa pamene amakwerera basi. Foni ikalira ndili kuntchito ndimathamangira kuona ngati ndi za Zainabu. Zainabu amanamizira kuti sakuopa, koma ndamuona akusuzumira pawindo asanatsegule chitseko. Ndipo oyang'anira ntchito ya khomalo amupempha kuti chisanu chikatha adzajambulenso lina, iye wavomera.

Sindimuletsa. Ndapempha kuntchito andisinthire maola, ndipo andilola. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu sadzaimanso yekha pa siteji paja. M'mawa uliwonse ndizikhala pambali pake mpaka chitseko cha basi chitsekeke.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Hawa