Mpando wa Bambo

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ife kuno tikudzuka, kupatula bambo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umangoti eya, eya, uku makina akulira kumbuyo.

Za sitiroko ija unamva. Chimene sindinakuuze n'chakuti atatuluka m'chipatala tinawalembetsa sukulu, yathu yomweyi, m'kalasi ya akuluakulu. Dzanja lamanzere silikugwira, mawu akutuluka mmodzimmodzi.

Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbukira mmene sukuluyi inayambira. Mzime wathu atafika msinkhu woyamba sukulu, aphunzitsi aakulu anauza mayi kuti mwana wosatha kukhala tsonga pa benchi alibe naye chochita. Mayi anabwerako akulira. Bambo, pokhala kalipentala, anamukhazika mwanayo pakhonde m'mawa wonse, akuyang'ana kumene thupi lake limapendekera, uku akumanga mfundo pa chingwe posunga miyeso yake. Sabata isanathe mpando unalipo, wokhota ngati mwini wake. Mayi anapachika bolodi pakhoma, sukulu n'kuyamba ndi mwana mmodzi.

Kenako anthu anayamba kutulutsa ana amene ankawabisa kuchipinda. Khonde litadzaza tinagumula khoma la galaja. Akuluakulu anabwera pambuyo, woyamba anali dalaivala uja anaduka miyendo. Lero tili ndi makalasi, aphunzitsi olembedwa ntchito, ngakhale geti. Koma lamulo la bambo silinasinthe: palibe wolowa m'kalasi asanayesedwe ndi chingwe. Ankati mpando ndiwo uzitsatira munthu, osati munthu kutsatira mpando.

Iwe unakulira m'matabwa amenewo, mpaka unachoka ukunena kuti watopa ndi mipando yopotoka. Sindikukuimba mlandu. Makabati ako ndimawaona pa zithunzi, ndi owongokadi.

Mphunzitsi wa bambo tsopano ndi mzime yemweyo. Akuwaphunzitsa kugwira supuni, ndipo alibe nawo chisoni. Akuti iye akamalira kale bambo ankangomuuza kuti ayesenso, ndiye lero asamuyang'ane ndi maso achifundo. Zinkayenda bwino ndithu, moti bambo anayamba kumanga okha mabatani.

Vuto ndi pokhala. Tinawapatsa mpando wapulasitiki, iwo amene anakhazika sukulu yonse pa mipando yakeyake. Amatsetserekera kumanzere, ife n'kumawatchinjiriza ndi mapilo. Ndinaitana akalipentala awiri. Woyamba atangotulutsa tepi yoyezera, bambo anamukankha ndi dzanja labwinolo. Wachiwiri anatembenukiridwa msana. Paja sing'anga sadzichiza yekha, koma awa safunanso kuchizidwa ndi aliyense.

Lachiwiri lapitali anagwa, n'kutemeka pachipumi. Amene amawaongola ziwalo anatiuza mosabisa kuti akapitiriza kukhala chopendekera, msana uumira momwemo ndipo zilonda ziyamba. Chigwereni akukana kupita m'kalasi. Angogona, supuni aisiya, mabatani ndikuwamangira ndine.

Dzulo ndinawakalipira, pakamwa panga umapadziwa. Ndinati sindinatayire unyamata wanga pa sukuluyi kuti mwini wake adzakhale woyamba kujomba. Anandiyang'ana, n'kulimbana ndi mawu mpaka anatuluka. Anati iwo si wophunzira, chifukwa sanayesedwe. Lamulo lawo lomwe.

Nditafunsa kuti nanga awayese ndani, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chingwe. Kenako anatchula dzina limene ankakuitanira uli mwana, Kamsomali. Linatuluka lonse, losakhota, kuposa mawu onse amene ayankhula chidwalireni. Ndinapita kubafa kukalira, kuti mzime asandione.

Ndiye ndikukupempha, mlongo wanga, bwera. Usanditumizire mpando, ngakhale wa matayala wokongola bwanji, saukhalira. Usandifunsenso miyeso pa foni. Ukudziwa kuti ntchitoyi imafuna munthu akhale pansi m'mawa wonse n'kumayang'ana. Sindikunena kuti ubwerere kudzakhala. Matabwa alipo, zipangizo zawo ndazipaka mafuta, khonde ndi lomwe lija. Ndili ndi mantha kuti ukachedwa udzayesa munthu amene wasiya kale kufuna kudzuka.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndikungokubwereka, ndidzakubweza. Ana uwapsompsone. Mzime akuti ukafika usayembekeze kuti akuchitira manyazi. Mulungu akusunge, akutsegulire njira.

Tepi yako uisiye konko. Chingwe chili m'thumba mwawo, ndipo chilibe mfundo ngakhale imodzi.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene umati ndimalongolola